Kaonedwe ka chithunzi cha kakwiyo

Ine ndimalemba zikwangwani pa Kasungu boma, koma madzulo ndimajambulako nyama ndi penti yotsala. Tsiku lina ndinajambula kakwiyo, ndili nyadu! Malume anga, amene anagwirapo ntchito yolondera nyama kupaki, anangoponya diso kamodzi n'kuti, "Mphwanga, ameneyu ndi kambuku wanjala." Ndiwo anandiphunzitsa poyang'ana.

Yambirani kumaso. Kakwiyo ali ndi mizere iwiri yakuda yochokera m'maso kutsikira kukamwa, ngati misozi. Ikasowa, wojambulayo nyamayi sakuidziwa, olo utoto ukongole bwanji.

Kenako sendezani nkhope pafupi, muone mawanga. Apa m'pamene ndinagwa ine. A kakwiyo ndi madontho akuda odzaza, ngati wina amadinda ndi chala choviika m'mwaye. A kambuku ndi ozungulira, pakati pofiirira. Wojambula waluso sawandandalika ngati a pachitenje. Pamsana amathithikana, kumimba amatalikirana mpaka kuyera, ndipo pamene thupi lapindika nawonso amapindika. Kunsonga kwa mchira amasanduka mizere yozungulira. Onaninso ubweya: burashi iziyenda kotsata kumene ubweyawo wagonera, osati uku ndi uku ngati akuzira nyumba.

Mapazi musawaiwale. Kakwiyo sabweza zikhadabo zonse ngati mphaka, zimaonekera ngati za galu. Ambiri timabisa mapaziwo mu udzu chifukwa ndi ovuta, ineyo ndachitapo kangapo.

Tsopano bwererani m'mbuyo mapazi anayi. Mutu ukhale waung'ono, chiuno chowonda, miyendo yaitali, moti mukhulupirire kuti nyamayi ingathamangedi makilomita pafupifupi 100 pa ola. Dzuwa likuchokera kuti? Ngati mthunzi wa nyama wagwera kwina, wa mtengo kwina, chithunzicho ndi chophatikiza.

Musamunyoze wojambula akakuuzani kuti anaonera pafoni. Akakwiyo atsala pafupifupi 7,000 padziko lonse. Kuno ku Malawi anatheratu, mpaka mu 2017 pamene anawabweretsanso ku Liwonde kuchokera ku South Africa, kenako ku Majete mu 2019. Ndiye wa ku Kasungu kuno akamuonera kuti wamoyo? Chimene ine ndimafunsa n'chakuti, kodi udzu ndi mitengo kumbuyoko waziona ndi maso ake? Ndimakondwa ndikapeza udzu wofiirira wa m'dambo mu Okutobala, ndi masuku patali, osati mitengo yaminga ya ku Kenya ija imene aliyense amakopera.

Changa chija malume anachipachika pakhonde, ndipo mlendo aliyense amamufunsa kuti atchule nyamayo.