Kugula gitala yamagetsi mitengo itakwera chonchi

Pafupifupi gitala yamagetsi iliyonse imene timayimba m'matchalitchi ndi m'mabandi kuno imachokera kunja. Ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inangouluka. Wogulitsa amavutika kupeza ndalama zakunja, amalipira thiransipoti kuchokera ku Johannesburg, afika pa boda ya Mwanza msonkho ukumudikira. Zonsezo zimagwera inu. Chimandiwawa n'kuona mnyamata waluso akusiya kuphunzira chifukwa cha mtengo, pomwe njira ilipo: gulani yoti inagwirapo kale ntchito, koma muiyeze ndi manja anu.

Musathamangire dzina lolembedwa kumutu kwa gitala. Mayina otchuka ndi odula ndi Fender ndi Gibson, koma Squier yotsikirapo mtengo ndi kampani ya Fender yomwe, Epiphone ndi ya Gibson, ndipo Yamaha Pacifica 112 ikhoza kukutumikirani zaka zambiri osadandaula. Ine ndimailemekeza kwambiri. Wina akakupatsani Fender ya ku America pa mtengo wa Squier, kayikirani, chifukwa zachinyengo zomata dzina zilipo zambiri. Ndipo musatumize ndalama pa foni gitala musanaigwire, chithunzi cha pa Facebook chikongole bwanji.

Yambani ndi khosi, pakuti gitala yonse ndi khosilo. Ikwezeni muyang'ane kuchokera kumutu kutsika, ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Likapindikira kutsogolo pang'ono si vuto: m'kati mwake muli chitsulo chotchedwa truss rod chimene mmisiri amachimanga ndi allen key, khosi n'kuwongoka. Koma likapotoka, mbali ina kukwera ina kutsika, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji. Kenako dinani waya wamkulu pa freti (tizitsulo topingasa pakhosi tija) yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, muone pakati, cha pa freti ya 7 kapena 8. Pakati pa waya ndi freti pakhale kampata kongokwana kapepala. Tembenuzani muone kuseri kwa mutu, makamaka pa Epiphone, ngati panathyokapo n'kumatidwa guluu.

Imbani freti iliyonse, waya uliwonse, mpaka kumapeto. Zimatenga nthawi ndipo wogulitsa mwina ayamba kutopa nanu, koma pitirizani. Mukumvera malo amene waya akukhudza chitsulo n'kumalira mosasa, ndiponso mukuona ngati mafreti anadyeka mpaka kuchita timaenje. Kusintha mafreti n'kodula, ndipo amisiri odziwa ntchitoyi ndi ochepa. Tchunani ndi tuner ya pa foni, mulize waya osadina, kenako mudine pa freti ya 12. Ikhale noti yomweyo koma yokwera. Ikasiyana pang'ono, zimakonzedwa ndi sikuludiraiva pa bridge, chitsulo chimene mawaya amatsamirapo pathupi la gitala.

Za magetsi siziopsa kwenikweni. Lumikizani ku ampu, muyendetse switchi malo onse uku mukugogoda pikapu iliyonse (timaginito tokhala kunsi kwa mawaya totola kulira kwake) ndi kiyi kuti mumve ngati ikugwira. Mabatani a voliyumu akamathetheka, kapena jeki yolowetsamo chingwe ikamagwedera, wokonza mawailesi atha kuwotcherera pa ndalama yochepa. Apa ndi pokambirana kuti akuchotsereniko mtengo, osati pothawa. Magitala a mtundu wa Stratocaster amang'ung'udza pang'ono switchi ikakhala pa pikapu imodzi. Ndi chibadwa chake.

Ngati mukuyamba kumene, pewani gitala yokhala ndi Floyd Rose, mtundu wa bridge yosuntha yogwiridwa ndi masipuling'i. Waya mmodzi akaduka, onse amasokonekera tchuni.

Musathere ndalama zonse pa gitala. Siyaniko ya chingwe chabwino, mawaya atsopano ndi kaampu. Ndipo ngati mbale wanu akukutumizirani ampu kuchokera ku America, werengani kumbuyo kwake musanalumikize: kumeneko magetsi ndi 120 volts, kuno ndi 230. Popanda thiransifoma ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ya ku Britain kapena ku South Africa ilibe vuto limeneli.

Mawaya nawo akwera mtengo, choncho apukuteni ndi kansalu kouma mukangomaliza kuyimba, ndi kunsi komwe. Thukuta ndi chinyezi cha m'dzinja ndizo zimabweretsa dzimbiri. Gitala isakhale m'galimoto yotsekedwa padzuwa la mu Okutobala, ndipo musaitsamiritse kukhoma khosi litanyamula thupi lonse. Ibwezereni m'chikwama chake.