Kusankha mzamba woyenera m'chigawo cha Kum'mawa ku Zambia

Mayi akangozindikira kuti waima, ayenera kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe, chifukwa kumeneko n'kumene angadziwane ndi azamba a m'dera lake nthawi ikadalipo. Kuyambira mu 2016, bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti mayi woyembekezera aonane ndi azachipatala maulendo 8 asanachire.

Mzamba wophunzira amakhala m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo si chipongwe kufunsa za chiphaso chake, makamaka pa kiliniki yolipira. Komabe chiphaso pachokha sichikwanira. Onetsetsani ngati amayeza kuthamanga kwa magazi ulendo uliwonse, ngati amamvetsera kugunda kwa mtima wa mwana, komanso ngati amapereka mankhwala oteteza ku malungo ndi owonjezera magazi. Chachikulu, onani ngati amayankha mafunso mosakalipa, pakuti mayi amene amaopa mzamba wake amabisa zizindikiro zoopsa monga kutaya magazi, kupweteka mutu kwambiri kapena kutupa nkhope.

Funsaninso kumene amatumiza amayi zinthu zikavuta, kaya ndi ku Chipata Central Hospital, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, ndiponso ngati galimoto imapezeka usiku. Funsoli limakula m'dzinja, mitsinje ikasefukira ndipo misewu yafumbi ikasanduka matope.

Azamba a kumudzi timawalemekeza ndithu, koma masiku ano ntchito yawo ndi kuperekeza mayi kuchipatala, osati kumuchiritsa kunyumba. Iwo pamodzi ndi a SMAG (Safe Motherhood Action Groups), omwe ndi magulu a anthu odzipereka olimbikitsa uchembere wabwino m'midzi, amadziwa zipatala zokhala ndi nyumba yodikirira, kumene mayi wochokera kutali angakhale masabata omaliza.