Nkhwangwa ya pa ulendo wa kuphiri: yang'anani chitsulo ndi mpini musanalipire

Amene mukukonzekera kukagona m'nyumba za alendo za pa phiri la Mulanje, monga ku Chambe, Lichenya kapena Thuchila, kaya kukamanga tenti kutali ndi midzi, nkhwangwa yogwetsera mitengo ija isiyeni kunyumba. Ntchito ya kuphiri ndi yowaza nkhuni zouma, kusongola zikhomo za tenti ndi kudula nthambi zogwa kale. Yokwanira ndi ya mutu wolemera magalamu 500 mpaka 800 ndi mpini wa masentimita 35 mpaka 50. Yoposa apo mudzaimva pamsana musanafike theka la chitunda.

Osula athu ambiri amasula nkhwangwa kuchokera ku masipulingi akale a galimoto. Chitsulocho n'chabwino, koma chimalungama kapena kuwonongeka pa moto, pamene wosula akuchitentha ndi kuchiviika. Ndiye popita kukagula, tengani tupa m'thumba. Palani pang'ono kukamwa kwa nkhwangwayo. Tupa ikamangoterereka osagwira, chitsulo chauma kwambiri, ndipo chidzabenthuka chikadzakumana ndi mfundo ya mtengo. Ikamadya mosavuta n'kumatulutsa zipalapala zambiri, chitsulo n'chofewa, chidzapindika kukamwa ndipo muzidzangokhalira kunola. Yabwino ndi imene tupa ikugwira koma movutikira. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwa wina. Yang'ananinso ming'alu pamalo owala bwino, makamaka pamene chitsulo chayamba kuchepa kulowera ku mpini, chifukwa ambiri amapaka penti wakuda amene amabisa zimenezi.

Mpini ndiye umene anthu amaunyozera. Pa nkhwangwa yachikuda, ija imene nsonga ya chitsulo imalowa m'bowo la mpini, mutu wa mpiniwo ukhale wa pamfundo kapena pa tsinde la muzu, pamene mtengo unapotana ndipo sung'ambika msanga. Bowo lowotcha ndi chitsulo chamoto lisakhale lotakasuka. Gwedezani: ikalira kwetekwete, isiyeni. Pa nkhwangwa zokhala ndi diso, zimene mpini umalowa m'chitsulo, mizere ya mtengo iziyenda mowongoka kuchokera kumutu mpaka kogwira, ndipo mphero yothinitsa ikhale yolowa bwino. Mpini wa mtengo wauwisi musaulole, umafota ukauma. Chizolowezi chonyika nkhwangwa yogwedera m'madzi usiku wonse chimangothandiza tsiku limodzi, kenaka imagwedera kuposa kale.

Zilipo zochokera kunja, monga za Gränsfors Bruk ya ku Sweden, zimene wosula amadindapo zilembo za dzina lake. Ndi zabwino ndithu koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Wosula wa kwanu amene mungathe kumubwerera ikavuta amakupatsani chitsimikizo chomwecho.

Kukamwa kuvekeni chikopa kapena chidutswa cha tayala musanaiike m'chikwama. Powaza ndi ya mpini waufupi, gwadani, ndipo chikuni chikhale pa chipika. Mukaphonya muli chiimire, nkhwangwa imathera pa msongolo, chipatala chili kumunsi kwa phiri.

Kumbukirani kuti Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutha. Mtengo woimirira musaukhudze, ngakhale uoneke wouma. Za nkhuni funsani mlonda wa nyumba imene mwafikira.