Tisalime mpaka m'madzi, siyani tchire m'mbali mwa mtsinje

Alimi anzanga, nyengo ya madimba ino ndiye ndaona ndibwerenso ndi nkhani ija ya m'mbali mwa mtsinje, pakuti komwe ndikuyenda ndikupeza anthu aswa mphanje mpaka khasu kugunda madzi, bango lonse atentha, mkuyu umene unagwira gombe agwetsa kuti mpiru upeze dzuwa. Zimandiwawa kwambiri.

Ndiyambe ndi nyama yakutali, imene ambirife timangoiona pa foni. Dzina lake moose. Ndi chinyama chachitali, pa phewa chimafika mamita awiri, chachimuna chimakhala ndi nyanga zophwatalala ngati fosholo zimene zimathothoka chaka chilichonse nkumeranso zina. Chakudya chake ndi nsonga za mitengo, makungwa ndi zomera za m'madzi, nde simungaisiyanitse ndi dambo kapena nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje. Ku Canada, Sweden ndi Russia ilipo yambiri mpaka lero. Koma ku Caucasus, dera la mapiri lili pakati pa Black Sea ndi Caspian Sea, kunali mtundu wakewake wa moose umene unkakhala m'nkhalango za m'zigwa za mitsinje ngati Kuban ndi Terek, koma unatheratu kalekale. Anthu ankadula nkhalango zija kuti amange ndi kulima, nyama nkusowa pobisala, alenje nkumangotola. Katswiri wa nyama Nikolai Vereshchagin anadzaupatsa dzina mtunduwu mu 1955 pongoyang'ana zigaza ndi mafupa, yamoyo panalibe olo imodzi.

Chimene ndikufuna mugwire apa ndi ichi, mlenje yekha sakanaimaliza msanga choncho, nkhwangwa ndi imene inamutsegulira njira. Moose imatenga bere pafupifupi miyezi 8 nkubereka kamwana kamodzi kapena tiwiri basi, ndiye mukapha yaikazi pamalo poti tchire latha kale palibe yobwezera. Mbawala yathu ndi chimodzimodzi, imakhala m'zitsamba zowirira za m'mbali mwa madzi ndipo imabereka kamodzikamodzi. Funsani agogo kuti kale kudambo kwanuko ankaona chiyani mbandakucha, muyerekeze ndi lero. Chipembere chitatha kuno tinachita mwayi kuti ku South Africa zinalipo, anabweretsa ku Liwonde mu 1993, koma a ku Caucasus mtundu wawo wa moose uja analibe kokatenga.

Tsono chochita nchiyani? Mukamayeza dimba yambani mwaima pa gombe penipeni, muyende mapazi 15 kulowera kumtunda, pamenepo khomani chikhomo, mzere woyamba uyambire apo. Malo mwasiyawo musalime, musatenthe, musadulemo mtengo ngakhale umodzi. Ngati pali potsetsereka kwambiri kapena mtsinje ndi waukulu onjezerani mapazi. Ndikudziwa ena muti aaa alangizi malo ndi ochepa kale, zoona, koma taonani dimba limene linalimidwa mpaka m'madzi mmene limakhalira mvula ya Januwale ikadutsa, gombe lagumuka, mizere itatu inayi yapita ndi madzi, potsala mchenga wokhawokha ndipo feteleza amene munagula movutikira uja ali kumunsi kwa mtsinje. Malowo mumawataya ndithu, kungoti mumawataya ndi ndalama zomwe.

Pamene padayera kale bzalani motsatana. Kufupi ndi madzi bango ndi nsenjere, kenako mzere wa vetiva wothithikana bwino kuti uzigwira dothi, kumtunda kwake nsungwi ndi mitengo yokonda chinyezi ngati katope, mkuyu ndi mbawa. Nsenjere muzimweta nkupatsa ng'ombe ndi mbuzi kukhola, osazilowetsa momwemo chifukwa ziboda zimaswa gombe. Pomwera ziweto pakhale pamodzi podziwika.

Za misampha ndinene mosabisa. Waya wa mabuleki a njinga uja sasankha, amagwira yaikazi ya bere, amagwira galu, amagwira ndi mbuzi ya neba. Mukaupeza m'tchire la m'mbali mwa mtsinje uchotseni mukausiye kwa amfumu kapena ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Ndipo nkhaniyi musaigwire nokha, mukasiya inu tchire koma wa kumtunda kwanu nkumatentha, moto sudziwa malire. Khalani pansi onse a madimba a mtsinje umodzi mugwirizane mapazi, mbande muziike m'machubu panopa kuti mvula yoyamba ikakhazikika mu Disembala zikhale zakonzeka kuwokera.