Mabwana a ku Mangochi, malamulo a leba amasintha inu muli kalikiliki ndi geni

Ndikulankhula ndi inu amene muli ndi antchito, kaya ndi loji ku Cape Maclear, resitihausi pa boma, chigayo ku Namwera, golosale pa Makawa, olo mlonda mmodzi yekha. Ambiri amene amaitanidwa ku leba si anthu ankhanza ayi, vuto ndi loti akuyendabe ndi malamulo amene anawamva kalekale osadziwa kuti anasintha.

Mayi ena a resitihausi anandipeza kumapeto kwa 2024 atanyamula kalata ya ku leba ndi kope la sukulu lothimbirira mafuta. Akuti "alangizi taonani, mnyamatayu ndimamudyetsa, pa Eid ndimamugulira malaya, lero wakandisumira." Nditatsegula kope lija tsamba lililonse langolembedwa "mlonda 50", palibe deti, palibe siginecha, palibe chala. Ndinati mayi, K50,000 imeneyi inali ya 2021. Kuyambira Febuluwale 2024, kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, malipiro otsikitsitsa anakwera kufika K90,000, ndiye kuti mwezi uliwonse mumamutsalira K40,000, miyezi 10 ndi K400,000, ndipo malaya a pa Eid aja ku leba sawerengera. Anangogwira pakamwa. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ndalama imeneyi bwenzi akuipereka pang'onopang'ono osaimva kuwawa, pano ikufunika kamodzi.

Mu 2025 anakwezanso kufika K126,000, ndipo antchito apakhomo ali ndi mlingo wawo wosiyana. Unduna wa zantchito umakambirana kaye ndi a MCTU oimira antchito ndi a ECAM oimira mabwana, kenako nkulengeza mu gazeti ya boma, ndipo palibe amene adzabwere pa geti panu kudzakuuzani. Ndiye chizolowezi chimene ndikufuna mukhale nacho ndi ichi: kawiri pachaka, makamaka bajeti ikangowerengedwa ku nyumba ya malamulo, pitani nokha ku ofesi ya leba pa boma mukafunse kuti chasintha nchani, mlingo wa lero ndi zingati, unayamba deti yanji. Lembani mu kope. Za pa gulupu ya WhatsApp mveranipo koma musadalire, zambiri zimakhala zongoganiziridwa kumene zisanavomerezedwe.

Si malipiro okha. Lamulo lalikulu ndi Employment Act ya 2000 koma lakonzedwapo, mu 2010 komanso 2021. Kukonza kwa 2021 kuja kunathetsa utenanti, ndiye a maesiteti a fodya ku Namwera, munthu mumulembe ngati wantchito wolandira malipiro, zomupatsa chimanga pangongole nkudzawerengerana fodya akagulitsidwa zija zinatha. Kunabweretsanso tchuthi cha abambo cha masabata 2 mkazi wawo akachira, kamodzi pa zaka 3, pomwe amayi oyembekezera ali ndi masabata 8 olandira malipiro onse. Wantchito wamkazi akatenga pakati musamuuze kuti "ukapume kaye tidzakuitana" nkulemba wina, kumeneko nkumuchotsa ntchito ndipo ndi mlandu.

Penshoni nayo, lamulo lake latsopano ndi la 2023. Bwana amaika 10%, wantchito amadulidwa 5%. Chimene chimandiwawa ine ndi mabwana odula 5% ija pa salale koma osakapereka ku kampani ya penshoni, akuti tizungulitse kaye pa geni alendo akachuluka tidzabweza. Ndalama imeneyo si yanu, ndipo ngongole yake imakula mwakachetechete. Ngati mukuona kuti bizinesi yanu ndi yaing'ono mwina simukukhudzidwa, kafunseni, musagamule nokha.

Pa maola, sabata ndi maola 48, opitirira apo ndi ovataimu. Tsiku wamba ola limodzi mumalipira ola ndi theka, pa ofu kapena holide mumalipira kawiri. A maloji, Khirisimasi ndi Isitala anthu anu amagona pa ntchito, muzilemba maolawo tsiku lomwelo. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, 15 kwa wogwira masiku 5.

Koma pamene ambiri amagwera ndi pochotsa munthu. "Mawa usabwerenso" ndi mawu odula kwambiri kuno. Olo mwamugwira ndi ndowa ya usipa kapena botolo la mafuta ophikira m'chikwama, lamulo likufuna zinthu ziwiri, chifukwa chomveka komanso kumupatsa mpata adziyankhire. Mulembereni kalata yomuuza mlandu wake, mukhale pansi, abwere ndi mnzake ngati akufuna, wina azilemba zonse ndipo nonse musainire. Mukadumpha pamenepa nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito, inuyo ndi amene mudzafunsidwe umboni, ndipo mutha kulipira munthu amene anakuberanidi. Ngati mukuchotsa chifukwa geni yavuta, pali severance: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyamba, masabata 3 kuyambira chaka cha 6 mpaka 10, masabata 4 kupitirira apo. Zake zonse alandire pasanathe masiku 7.

A ku nyanja, ana osakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana 18 asapatsidwe ntchito yoopsa, ndiye ganizirani bwino za anyamata okapa madzi m'boti usiku aja.

Mayi aja pano anagula fayilo ya pulasitiki, wantchito aliyense ali ndi pepala lake lolemba deti yoyambira, ntchito yake, maola ndi salale, ndipo polandira amasainira kapena kudinda chala. Pachikuto analembapo ndi bolopeni miyezi iwiri yopitira ku leba, Epulo ndi Okutobala.