Android kapena iPhone: mmene ndimathandizira anthu athu kusankha foni kuno ku Harare

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ku Mabvuku, azakhali anga anandikokera pambali natulutsa madola omangidwa pa kampango. "Mwanawe," anatero, "ndikufuna foni yoti ndizionana ndi adzukulu anga ku Mulanje pa WhatsApp. Ana akuti ndigule iPhone. Iwe ukuti bwanji?"

Ndakhala zaka zambiri ndikukonza mafoni pa kathebulo kanga m'tauni muno, ndipo funso ili silisowa tsiku. Ndisanatchule mtundu wa foni, ndimayamba ndafunsa munthuyo kuti amayenda kuti, ndiponso kuti foni ikagwa adzapita nayo kwa yani.

Mafoni amene timagwirawa ali m'mabanja awiri. iPhone ndi ya kampani imodzi yokha, Apple, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 2007. Android ndi pulogalamu ya Google yoyendetsa foni, inatuluka mu 2008, ndipo ndi imene ili m'kati mwa Samsung, Tecno, Itel, Infinix, Xiaomi ndi ena ambiri. N'chifukwa chake Android mumaipeza pa mtengo uliwonse, kuyambira kafoni kosakwana madola 100 mpaka yodula ngati njinga yamoto. WhatsApp, Facebook ndi EcoCash zimagwira ntchito mbali zonse ziwiri, choncho pamenepo musade nkhawa.

Yambani ndi nkhani ya malaini. Ambiri a ife tili ndi laini ya Econet kapena NetOne kuno, ndipo tikakwera basi yodutsa ku Nyamapanda, ku Tete mpaka ku Mwanza, timafuna kuika ya Airtel kapena TNM. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo a simukhadi ziwiri, mumangotsegula n'kulowetsa. iPhone yambiri imatenga simukhadi imodzi yogwirika, yachiwiriyo imakhala eSIM, laini yopanda kakhadi imene kampani ya foni imakulembetserani. Koma chenjerani ndi izi: kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, zimene zinapangidwira msika wa ku America zilibiretu bowo la simukhadi. Zimabwera kuno zambiri kudzera mwa abale. Itembenuzeni foniyo, muyang'ane m'mphepete ngati muli kathireyi kokhala ndi kabowo kakang'ono. Mukakasowa, funsani kaye kwa kampani yanu ya laini musanapereke ndalama.

Kenako ganizirani za tsiku limene foni idzagwe pa simenti, poti tsikulo limafika. Galasi la Tecno kapena la Samsung ya mtundu wa Galaxy A ndimalipeza tsiku lomwelo, pamtengo woti mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika angakwanitse. Galasi labwino la iPhone limadula, ndipo mukaika lotchipa, zatsopanozi zimakuuzani pa sikirini kuti chaikidwacho sichikudziwika. Tchaja nayo ndi nkhani. Ma iPhone onse kuyambira pa iPhone 5 mpaka pa iPhone 14 amafuna chingwe chawochawo cha Lightning, pamene iPhone 15 ya mu 2023 inasinthira ku USB-C, chingwe chomwe Android zatsopano zimagwiritsa ntchito. Magetsi akazima tsiku lonse n'kupita kwa aneba amene ali ndi sola, zimathandiza kuti chingwe chawo chilowe pa foni yanu.

Sindikunyoza iPhone. Ndi foni yolimba, kamera yake ndi yabwino, ndipo Apple imaitumizira zokonzanso pulogalamu yake kwa zaka zambiri, pamene tima Android totchipa timasiyidwa msanga. Ngati ntchito yanu ndi yojambula maukwati kapena kutsatsa malonda pa intaneti, ndalamayo imabwerera. Vuto n'lakuti ambiri kuno timagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo m'menemo ndi mmene anthu amalirira.

Mnyamata wina wa kwathu anasunga ndalama za maganyu miyezi ingapo, nagula iPhone kwa munthu wina pamsewu. Inali yonyezimira, yopanda kachilema. Atafika kunyumba anaifufuta kuti ayambe zake, ndipo inamufunsa dzina ndi mawu achinsinsi a mwini wake woyamba. Anabwera nayo kwa ine maso ali gwa, ndipo zinandipweteka kumuuza kuti palibe chimene ndingachite. Loko imeneyi ya iCloud, akaunti ya Apple imene foni imalembetsedwako, imatsegulidwa ndi mwini akaunti, ndipo aliyense wokulonjezani kuti aithyola akufuna ndalama zanu. Tsono mukamagula, wogulitsayo atuluke mu iCloud yake inu mukuona, aifufute foniyo, inu muiyatse n'kulowa ndi akaunti yanu muli pomwepo. Lowaninso mu Settings, pa Battery, muone thanzi la batire: likatsika pansi pa 80 peresenti, dziwani kuti mugula lina posachedwa. Imbani *#06# kuti IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ituluke, muifananize ndi ya pa bokosi. Ndipo ikanimo laini yanu, muimbire munthu. Android nayo ili ndi loko yake ya akaunti ya Google, ndiye chitani chimodzimodzi.

Amene mukufuna kusamuka mbali ina kupita ina, kumbukirani macheza anu a pa WhatsApp. Pa Android amasungidwa ku Google Drive, pa iPhone ku iCloud, ndipo ziwirizi sizipatsirana zokha. Pali pulogalamu ya Move to iOS yothandiza kusamutsa zinthu kuchoka pa Android kupita pa iPhone, koma imafuna kuti iPhone ikhale yatsopano kapena yofufutidwa. Malo aulere nawo amasiyana: Google imapereka 15GB, Apple 5GB, ndipo zithunzi za pa chinkhoswe chimodzi zimadya malo osati masewera.

Mukasankha Android, musathamangire yotchipitsitsa. Ya 32GB imadzaza ndi mavidiyo a m'magulu a tchalitchi ndi a mudzi miyezi isanapite patali. Onjezerani pang'ono mupeze ya 128GB yokhala ndi RAM (imene imathandiza foni kugwira ntchito mosachedwa) ya 4GB.

Azakhali ndinapita nawo m'tauni Lachiwiri. Tinagula Samsung yatsopano ya simukhadi ziwiri, ndi chikwama chake cholimba ndi galasi loteteza pamwamba. Ndinawakulitsira zilembo poti maso ayamba kuvuta, ndipo akaunti yawo ya Google tinailemba mu kope limene amasunga m'sutikesi. Ndalama zinatsalako zogulira bandulo. Madzulo ake anaimba ku Mulanje, kamdzukulu kakang'ono kanadzaza nkhope pa sikirini kakukuwa kuti "Agogo! Agogo!", ndipo anacheza mpaka nsima inazizira patebulo.