Mmene mungayambire ntchito imene mwakhala mukuizengereza

Munthu amene watha milungu itatu akuzengereza kukalonjerera ngongole kawirikawiri sakhala waulesi. Masiku omwewo amasesa pabwalo, kuchapa zovala, ngakhale kumata tayala la njinga ya mwana. Mphamvu ali nazo. Chimene akuthawa ndi kumangika kumene amamva akangoganiza zokaodira pakhomo paja. Akatswiri a zamaganizo Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl anafotokoza mu 2013 kuti kuzengereza ndi njira yachidule yotonthozera mtima. Mukanena kuti "ndipita mawa", mtima umapepuka pompo, ndipo kupepukako ndi kumene kumakuphunzitsani kudzatero mawa lakelo. Choncho poyambira ndi pa zimene mukumva mumtima.

Tengani pepala mulembe ntchito imodzi yokha. Pansi pake malizitsani chiganizo ichi ndi liwu limodzi: "Ndikaganiza za ntchitoyi ndimamva..." Kodi ndi mantha, manyazi, mkwiyo, kusokonezeka kapena kutopetsedwa? Zikuoneka zachibwana koma zimagwira. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake ku Los Angeles anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zaukali ndi zamantha uku akuunika ubongo wawo. Anthuwo akatchula dzina la zimene nkhopeyo ikuonetsa, mbali ya ubongo yotchedwa amygdala, imene imatichenjeza zoopsa, inkatsikako moto.

Dzinalo limakuuzaninso chochita, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati ndi kusokonezeka, ndiye kuti simukudziwa poyambira, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kufunsa munthu amene anachitapo. Ngati ndi manyazi, monga pa ngongole ija, lemberanitu mawu amene mukanene, ziganizo ziwiri basi, muwanene mokweza kawiri musananyamuke. Mkwiyo umabwera pamene mukuona kuti ntchitoyo munachita kukakamizidwa. Edward Deci ndi Richard Ryan, amene anafufuza kwa zaka zambiri chimene chimampatsa munthu khama, anapeza kuti limalimba munthu akamaona kuti ali ndi chimene wasankha yekha. Ngati ntchitoyo simungaikane, sankhaniko nthawi, malo kapena mbali yoyambira.

Tsopano iduleni ntchitoyo mpaka patsale kachidutswa ka mphindi 5 kapena 10. Ambiri amalakwitsa pomwepa. "Kukonzekera mayeso a MSCE" ndi phiri lathunthu, ndipo mtima umabwerera m'mbuyo ukaliona. Kachidutswa kake ndi aka: kutsegula pepala la masamu la chaka chatha n'kuyankha funso loyamba. Kuti mudziwe ngati mwadula bwino, dzifunseni ngati munthu woima pambali angaone ndi maso kuti mwachita. "Kuganizira za bizinesi" sikuoneka. "Kulemba mitengo ya zinthu zisanu m'kope" kumaoneka. Mukaona kuti mtima ukukanabe, dulani pakati kachiwiri.

Dzipatseni chilolezo chosiya mphindi 10 zikakwana, ndipo chikhale chilolezo chenicheni. Mukamadzinamiza kuti ndi mphindi 10 pamene mumtima mukufuna maola atatu, mawa simudzadzikhulupirira. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti kumangika kuja kumachepa ntchito ikangoyambika, chifukwa chinthu chimaopsa kwambiri chikadali m'maganizo. Musadikire kuti chilakolako chibwere kaye. Nthawi zambiri chimatsatira manja akayamba kugwira.

Kachidutswa kaja kamafuna malo ake pa tsiku. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anasonyeza kuti anthu amachita kwambiri zimene anakonza akaneneratu nthawi, malo ndi kachitidwe kake motere: zakutizakuti zikachitika, ndichita chakuti. "Ndikapeza mpata ndiwerenga" si dongosolo, pakuti mpata sudziwika nkhope. Lembani kuti: "Ndikangotsuka mbale za chakudya chamadzulo, ndikhala pa tebulo n'kutsegula pepala la masamu." Ndi bwino kumangirira ntchitoyo ku chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku kusiyana ndi ola la pa wotchi, chifukwa ola limadutsa muli pa minibasi, pamene mbale simungaziphonye. Kope ndi cholembera ziikeni pa tebulopo m'mawa, foni ikhale kuchipinda china.

Konzeranitu chopinga. Katswiri winanso wa zamaganizo, Gabriele Oettingen, anapeza kuti kungolota zabwino, kudziona mwakhoza kale kapena ndalama zalowa kale m'thumba, kumamufooketsa munthu, chifukwa mtima umakhutira ngati zatheka. Lotani pang'ono, kenako funsani chimene chidzakulepheretseni, makamaka chochokera mwa inu nomwe. Chilembeninso mofanana: "Magetsi akazima, ndiyatsa tochi n'kuchita funso limodzi." "Ndikamva mtima ukuti mawa, ndinena kuti awa ndi manyazi aja, n'kuvala nsapato."

Tsiku lina mudzalephera ndithu, ndipo chimene mudzachite tsiku lotsatira ndi chimene chili chofunika. Kudzinyoza kumawonjezera manyazi pa ntchitoyo, motero mumaithawa kuposa kale. Pa Carleton University ku Canada, kafukufuku wa mu 2010 anaonetsa kuti ophunzira amene anadzikhululukira atazengereza pa mayeso oyamba anazengereza mochepa pokonzekera achiwiri. Musabwezere tsiku lotayikalo powirikiza ntchito. Bwererani ku mphindi 10 zija. Zimene anthu amakonda kunena, zoti chizolowezi chatsopano chimakhazikika pa masiku 21, musazitengere. Phillippa Lally ndi anzake ku London anatsatira anthu 96 ndipo anapeza kuti chizolowezi chinkakhazikika pa masiku pafupifupi 66, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu kwenikweni.

Pali malire ake. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo palibe chimene chikukusangalatsani, tulo ndi kadyedwe zasokonekera, mukungoganiza kwambiri ndipo ngakhale kusamba kukulemera, awo angakhale matenda ovutika maganizo. Pitani kuchipatala mukafotokoze zonsezi monga zilili. Ngati pakubwera maganizo ofuna kudzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni.